Makhadi a Khirisimasi tiwaike pati? Kuyerekeza njira zotsika mtengo kwa ife a kunyanja

Chaka chatha kunyumba kwathu kuno ku Salima kunafika makhadi 14. Awiri anachokera ku Joni, achimwene atawalowetsa m'chikwama cha katundu chimene anatumiza pa basi. Atatu anali a kuntchito, limodzi la amayi a kumpingo, ndipo otsalawo anajambula ana ku Sande sukulu. Masiku ano mafuno abwino ambiri amadzera pa WhatsApp, choncho khadi la pepala likafika umadziwa kuti munthu anakhala pansi, kugwira cholembera ndi kukuganizira. Kulisiya mu envulopu kunsi kwa matiresi n'kumulakwira munthuyo.

Koma khadi la Khirisimasi linabadwira kozizira. Loyamba kugulitsidwa linatuluka ku London mu 1843, Henry Cole atapempha John Callcott Horsley kuti alijambule, ndipo anasindikiza makhadi 1,000. Kumeneko Disembala ndi mwezi wa chisanu. Mazenera amakhala otseka, khadi amangoliimika pashelefu ndipo limakhala chiimire mpaka Januwale. Kuno Disembala ndi thukuta ndi mvula. Zitseko ndi mazenera zimakhala pululu kuti mphepo ilowe, mpoto ukawomba umasesa zonse za patebulo, ndipo pepala limamwa chinyezi cha kunyanja n'kuyamba kupindika. Njira imene imagwira ntchito kwina ikhoza kukuwonongerani makhadi m'sabata imodzi yokha.

Zimene ndayang'ana

Njira iliyonse ndayiyeza pa zinthu zinayi: ndalama zimene imadya, kapezekedwe ka zipangizo zake ku Salima ndi ku Nkhotakota, kasamalidwe kake kuchokera pakati pa Disembala mpaka Januwale, ndi chiopsezo chake ku makhadi, ku khoma ndi ku ana. Mitengo sindiilemba m'makwacha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero mwezi wamawa umakhala utasintha. Ndingosiyanitsa zaulere, zogula ndi ndalama yotsala pogula ndiwo, ndi zofuna kuzikonzekera.

Pamwamba pa zinayizi pali funso limodzi limene kwa ine limaposa onse: kodi khadilo munthu angalitsitse, kulitsegula, kuliwerenga ndi kulibwezera pamalo pake osaling'amba? Funsoli anandiphunzitsa ndi amayi anga. Amabwera kuchokera ku Nkhotakota kudzadya nafe Khirisimasi, ndipo maso awo anafooka. Madzulo alionse tikatha kudya ankaitana mwana wanga wamkazi.

"Tanditsitsira lija la amalume ako, undiwerengerenso."

"Agogo, si dzulo lomweli ndinakuwerengerani?"

"Werenganso, mdzukulu wanga. Pamene akuti adzabwera paja."

Chithunzi cha kunja kwa khadilo, cha mtengo wokutidwa ndi chipale chofewa, analibe nacho ntchito. Ankafuna mizere inayi ya m'kati yolembedwa ndi dzanja la mwana wawo. Khadi ndi kalata, ndipo njira imene imalisandutsa chithunzi chongoonera patali ndimaiika pambuyo ngakhale ikhale yokongola bwanji.

Chingwe ndi zopanira zovala

Mumakoka chingwe kuchokera pamsomali wina kufika pa wina, kapena kuchokera pafelemu la chitseko kufika pazitsulo za pazenera, n'kupachikapo makhadi. Makhadi opindira pamwamba amangokhala chokhalira pachingwe ngati nsalu yoyanika. Opindira m'mbali ndi amene amafuna chopanira, ndipo muzipana tsamba lakumbuyo lokha kuti lakutsogolo lizitseguka.

Ndalama: pafupifupi palibe. Zopanira zili kale m'nyumba, ndipo mukafuna zatsopano ndi za ndalama yotsala pogula ndiwo.

Kapezekedwe: apa pali zingwe za mitundu itatu ndipo sizifanana. Twaini ya nayiloni imene asodzi amasokera maukonde imapezeka kulikonse kumene kuli madoko, ku Senga Bay, ku Chipoka, ngakhale m'mahadiweya a pa Kamuzu Road. Siimwa madzi ndipo siitha msanga, koma ndi yoterera. Makhadi onse amatsetsereka n'kukaunjikana pakati pamene chingwe chagwa mimba. Mankhwala ake ndi kumanga mfundo pa chikhatho chilichonse musanachipachike, kuti khadi lililonse likhale ndi pogwira. Chingwe cha khonje sichiterera ndipo chimaoneka bwino pakhoma loyera, koma chimamwa chinyezi: tsiku la mvula chimalimba, tsiku la dzuwa chimalefuka, ndipo mudzachikoka kangapo. Chachitatu ndi waya wa katani uja wokutidwa ndi pulasitiki woyera. Ndi wokwererapo mtengo pang'ono, koma sagwa mimba, ndipo nyumba zambiri za lendi zili ndi misomali yake kale pamwamba pa mazenera.

Khadi laling'ono wamba, la saizi ya A6, ndi masentimita 10.5 m'lifupi. Chingwe cha mamita 2 chimanyamula makhadi otere 14 n'kutsala kampata pakati pawo. Akachuluka, ikani mizere iwiri, osati kuwapanikiza pamzere umodzi.

Kasamalidwe: chinthu chachikulu n'chakuti makhadi asatsamire khoma. Siyani mpata wa zala ziwiri kuti mphepo izidutsa kumbuyo. Khoma lathu lakumpoto mvula ikamenya masiku atatu otsatizana limazizira mpaka m'kati, ndipo pepala lokhudza pamenepo limachita madontho a chuku. Kupatula apo ndi kungokuntha fumbi ndi kansalu kouma kamodzi pa sabata.

Chiopsezo: zopanira zamatabwa zili ndi kawaya pakati, ndipo kuno kawayako kamachita dzimbiri msanga. Dzimbiri likadontha papepala silichoka. Pindani kapepala koyera pakati pa chopanira ndi khadi, komwenso kamateteza kuti mano a chopanira asasiye chipsera. Zapulasitiki nazonso zili ndi kawaya, choncho musazikhulupirire kwambiri. Ngati nyumba ilibe siling'i, imani m'kati mvula ikugwa muone pamene malata akudontha musanakhome msomali. Ndipo magetsi akazima, kandulo kapena koloboyi asakhale kunsi kwa chingwecho. Pepala limayaka m'kanthawi kochepa, ndipo nayiloni ikagwira moto imasungunuka n'kudonthera pansi ikuyakabe. Chingwe chikhale pamwamba poti mwana wa zaka zitatu sangafikire, koma poti wamkulu angatsitse khadi osakwera pampando.

Iyi ndi njira imene ine ndimagwiritsa ntchito, ndipo sindibisa kuti ndi imene ndimaikonda.

Mkeka kapena lichero pakhoma

Tengani kamkeka kakang'ono ka mlaza, musokepo mizere ya twaini mopingasa, yolimba ndithu, kenako muzilowetsa tsamba lakumbuyo la khadi kuseri kwa twainiyo. Lichero limagwira chimodzimodzi: twaini iwiri kapena itatu yodutsa pakati, makhadi asanu kapena asanu ndi awiri atayalidwa mozungulira. Pa njira zonse, iyi ndi imene alendo amaima n'kufunsa kuti mwaiganiza bwanji. Mtundu wa mlaza wouma umachititsa makhadi ofiira ndi obiriwira kuwala kuposa mmene amaonekera pakhoma la laimu.

Ndalama: mugula mkeka kapena lichero, koma ndalamayo siitayika chifukwa Januwale akatha chinthucho chimabwerera ku ntchito yake.

Kapezekedwe: kosavuta konse. Migwalangwa ndi yathu kuno, ndipo oluka mikeka ndi malichero amapezeka m'misika ndi m'mbali mwa msewu wa M5, komanso wa M14 wopita ku Lilongwe. Mukamagula m'nyengo ya mvula nunkhizani. Mlaza umene sunaume bwino umamveka fungo la chinyezi ndipo umaonetsa timadontho takuda. Umenewo usiyeni.

Kasamalidwe: kamodzi pa sabata chotsani makhadi, tsitsani mkeka, muukunthe panja, ndipo dzuwa likawala muuyanike ola limodzi. Ntchitoyi ndi yochulukirapo kuposa ya chingwe.

Chiopsezo: kuseri kwa mkeka wopachika kuli mdima ndi kutentha, malo amene mphemvu zimakonda. Mphemvu zimanyambita guluu wa makhadi ndipo zimasiya timadontho tabulauni. Ngati khoma ndi la zidina, chiswe chimatha kutulukira kuseri komweko n'kudya mkeka ndi makhadi omwe inu osadziwa, chifukwa kutsogolo zonse zimaoneka bwinobwino. Nsungwi za lichero zimafumbwa, ndipo mukaona ufa woyera pansi pake dziwani kuti ntchito yayambika. Lichero limene mwakhala mukupetera musalitenge. Gaga wotsalira m'mipata yake amaitana nyerere ndi makoswe. Mphasa ya bango ikhoza kulowa m'malo mwa mkeka, koma ndi yolemera, imafuna misomali yolimba itatu kapena inayi.

Chidutswa cha ukonde wakale

Amene muli pafupi ndi doko, chidutswa cha ukonde wong'ambika chotambasulidwa pakhoma chimanyamula makhadi ochuluka kuposa njira ina iliyonse, ndipo mphepo imadutsa bwino.

Ndalama: chaulere ngati muli ndi m'bale kapena mnansi msodzi. Zopanira ndi zomwe zija.

Kapezekedwe: kunyanja kokha. Ndikunena ukonde wa nsomba umene watha ntchito, osati masikito. Disembala ndi Januwale ndi nthawi imene udzudzu umachuluka, ndipo masikito malo ake ndi pabedi.

Kasamalidwe: ntchito yonse ili poyambirira. Uchapeni ndi sopo kawiri, muuyanike masiku angapo mpaka fungo la nsomba litatheratu. Mukathamangira, pepala limatenga fungolo ndipo sililitaya.

Chiopsezo: mwana wokwawa akhoza kukodwa ngati ukonde ukulendewera pansi, choncho dulani zotsalira zonse. Fufuzani bwino kuti mulibe mbedza yobisala. Akangaude nawo amaona ngati mwawayambira ntchito.

Nthambi youma m'chitini cha mchenga

Kuno kunyanja mitengo ya paini kulibe, ndipo mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki ndi wodula. Nthambi youma yokhala ndi timphanda tambiri, yoimikidwa m'chitini chodzaza mchenga, imakhala mtengo wa Khirisimasi ndi popachika makhadi nthawi imodzi. Ana amaikonda kwambiri njira imeneyi chifukwa ndi iwo amatola nthambi, kukulunga chitini ndi kachitenje ndi kusankha khadi lokhala pamwamba.

Ndalama: palibe, kupatula ulusi.

Kapezekedwe: nthambi zogwa zokha ndi zambiri mvula yoyamba ikadutsa ndi mphepo yake, ndipo zimene nyanja yalavula pagombe zimakhala zosalala kale. Palibe chifukwa chodulira mtengo wamoyo, ndipo m'nkhalango zotetezedwa ngati Thuma simotola nkhuni popanda chilolezo. Mchenga wa pagombe uyanikeni kaye. Wonyowa umawoletsa tsinde la nthambi ndi kudyetsa chitini dzimbiri.

Kasamalidwe: ambiri amaboola khadi pakona kuti alowetse ulusi. Musaboole. Tsegulani khadi, dutsitsani ulusi m'kati motsata popindira, n'kumanga nsonga ziwirizo pamwamba. Khadi limalendewera bwinobwino, ndipo pofuna kuliwerenga mumangolichotsa ndi ulusi wake womwe. Mphepo ikawomba ulusi umapotana, ndiye tsiku ndi tsiku pamakhala kumasula.

Chiopsezo: apa ndi pamene njirayi imagonja. Chilichonse choima pansi kapena patebulo ndi cha mwana, cha mphaka ndi cha nkhuku yolowa m'nyumba. Makhadi opachikidwa amagwira mphepo ngati thanga la bwato, ndipo chitini chikakhala chopepuka zonse zimagwa pamodzi. Ikani miyala pansi pa mchengawo. Nthambi ya mthethe imakopa chifukwa minga yake ndi popachikira pokonzeka kale, koma minga imeneyo imakhala pa msinkhu wa maso a mwana. Nthambi youma ndi pepala pamodzi ndi nkhuni zoyatsira moto, choncho kandulo ikhale kutali. Mukafuna kuzengerezapo timagetsi, sankhani ta LED timene sititentha kwambiri. Pomaliza, nthambi siinyamula makhadi ambiri. Opitirira khumi amayamba kuphimbana.

Kuimika m'kabati ya magalasi

Ndalama: ngati kabati muli nayo kale, palibe chogula. Ngati mulibe, iyi ndi njira yodula kuposa zonse, ndipo palibe munthu ayenera kupita kwa kalipentala chifukwa cha makhadi a masabata atatu.

Kapezekedwe: akalipentala alipo m'tauni ndi m'malo ochitira malonda onse, koma chovuta chenicheni ndi malo m'kabatimo. Mbale za alendo ndi matambula zinadzaza kale.

Kasamalidwe: kochepa kwambiri. Fumbi, mphepo, nalimata ndi ngumbi zothamangira kuwala sizifikamo. Nkhungu za m'nyanja zikatera kumtunda, monga zimachitira ku Nkhotakota, makhadi a m'kabati okha ndi amene amatsala oyera. Koma kabati yotseka imasunga chinyezi. Muziitsegula masana a tsiku lopanda mvula, ndipo timapaketi ta timibulu toyera timene timabwera m'mabokosi a nsapato musamataye, tiikeni m'makona chifukwa timayamwa chinyezi. Tingokhala poti mwana sangatitole.

Chiopsezo: makhadi akuluakulu, a saizi ya A5, akaima masiku angapo m'chinyezi amafooka miyendo n'kugwa chafufumimba. Atsamizeni ku mbale. Chiopsezo chachikulu kwa ine n'china. M'nyumba zathu zambiri mwana saloledwa kutsegula kabati ya magalasi, ndipo n'zomveka. Zotsatira zake n'zakuti khadi limalowa pa 20 Disembala n'kudzatuluka mu Januwale popanda amene analigwira. Limakhala lotetezeka kwa mphemvu ndi kwa owerenga omwe.

Kuimika patebulo kapena pamwamba pa wailesi popanda galasi sindikuwerengera ngati njira. Ndi mazenera otsegula mudzakhala mukutola makhadi pansi tsiku lonse.

Katoni yokutidwa ndi chitenje

Dulani makatoni awiri ofanana kukula, muwaphatikize mizere yawo ya m'kati itapingasana kuti asapindike msanga. Kutani ndi chitenje, n'kuchisokera kumbuyo. Kenako kokani riboni kapena timizere ta nsalu mopingasa ngati mtanda kangapo, ndipo makhadi azilowa kuseri kwa timizereto.

Ndalama: katoni mukhoza kupempha ku golosale, chitenje chakale chili m'nyumba, ndipo tizidutswa ta nsalu atelala amakhala nato tambiri. Chimene njirayi imadya kwenikweni ndi nthawi, masana athunthu a Loweruka.

Kapezekedwe: zonse zili pafupi. Pewani katoni imene munali sopo, mafuta ophikira kapena shuga.

Kasamalidwe: msomali umodzi ukwanira, kapena kungoitsamiza pamwamba pa kabati. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imanyamulika yonse pamodzi. Mvula ikayamba kulowa pazenera mumangoichotsa n'kuiika kuchipinda. Mu Okutobala imagwiranso ntchito pa makhadi a Tsiku la Anakubala, ndipo miyezi ina mumaikapo zithunzi ndi makhadi a ukwati.

Chiopsezo: katoni ndi pepala nayonso, imamwa chinyezi n'kukhota. Timabowo ta m'mbali mwake ndi nyumba za mphemvu, choncho chitenje chizitseka m'mbali monse. Chitenje chatsopano chosachapa chimasuluka utoto chikanyowa, ndipo utotowo umalowa kumbuyo kwa khadi. Chapani kaye. Mapini musagwiritse ntchito: amaboola, ndipo pakapita sabata bowo lililonse limakhala ndi mkombero wa dzimbiri.

Kumata pakhoma ndi selotepi kapena phala

Ndaiika pomaliza ngakhale kuti ndi imene anthu ambiri amayambira, inenso ndinayambira pomwepa.

Ndalama: selotepi ndi yotsika mtengo, ndipo phala la ufa wa chinangwa, womwe uja wa kondowole, ndi laulere. Ndalama zenizeni zimadza pambuyo.

Kapezekedwe: okala iliyonse.

Kasamalidwe: pakhoma la laimu selotepi imagwira fumbi la laimu osati khoma, choncho usiku mumamva makhadi akugwa limodzilimodzi, m'mawa n'kumatanso. Pakhoma la penti imagwiritsa mopitirira muyeso.

Chiopsezo: zaka zingapo zapitazo, m'nyumba ina ya lendi, ndinamata makhadi asanu ndi anayi pakhoma la pabalaza. Pochotsa mu Januwale, selotepi iliyonse inatuluka ndi chigamba cha penti. Eni nyumba atabwera anangoyang'ana khomalo n'kunena kuti, "Mayi, apa mupentanso khoma lonse, zigamba sindilola." Anali ndi chifukwa, ndipo ndinapenta. Koma chimene chinandipweteka si ndalama ya penti. Pakati pa makhadiwo panali limene mwana wanga anajambula ali Sitandade 1, la nyenyezi yofiira ndi dzina langa lolembedwa chokhotakhota. Kutentha kunasungunula guluu wa selotepi n'kulowa m'pepala, ndipo pochotsa, theka la nyenyeziyo linatsalira pa selotepi. Phala la chinangwa ndi loipirapo: limanyowetsa pepala, inki ya zolembera zamitundu imayenderera, ndipo usiku womwewo mphemvu zimabwera kudzadya phalalo pamodzi ndi khadi. Khadi lomatidwa silitsikanso kuti agogo awerengeredwe.

Dzuwa, utsi ndi kusunga

Zinthu ziwiri zimakhudza njira zonsezi. Dzuwa lolowera pazenera limasulutsa utoto, makamaka pa makhadi osindikizidwa pa makina ang'onoang'ono a m'mashopu ndi ojambulidwa ndi ana, choncho sankhani khoma limene dzuwa silimenya. Ndipo ngati mvula ikagwa mumalowetsa mbaula pakhonde kapena m'nyumba, makhadi akhale chipinda china chifukwa mwaye sufufutika papepala.

Mipingo ina imachotsa zokongoletsa pa 6 Januwale. Kwathu timafika nazo pa 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe, chifukwa ndi tchuthi ndipo pamakhala nthawi. Tsitsani makhadi masana a tsiku louma, muwayale pamthunzi maola awiri, mulembe chaka kumbuyo ndi pensulo, kenako muwaike m'chitini chotseka bwino. M'jumbo ya pulasitiki musaike asanaume, chifukwa imatsekera chinyezi m'kati.

Njira iti kwa yani

Ngati muli m'nyumba ya lendi ndipo eni ake safuna misomali, kokani chingwe kuchokera pazitsulo za zenera lina kufika pa lina, kapena pangani katoni ya chitenje muitsamize pamwamba pa kabati. Selotepi isakhudze khoma.

Ngati muli ndi mwana wokwawa kapena woyamba kuyenda, nthambi ndi ukonde zidikire chaka china. Chingwe chapamwamba kapena kabati ya magalasi ndi zimene zingakupatseni mtendere. Ana akafika msinkhu wa sukulu, apatseni nthambi ikhale yawo, apachikepo makhadi awo ojambula okha, koma ochokera kutali akhale pachingwe.

Amene mwalandira makhadi atatu kapena asanu okha, chingwe chachitali chimaoneka chopanda kanthu. Lichero limodzi latsopano limawakwanira bwino ndipo amaoneka ochuluka. Amene mwalandira ambiri, monga abusa, aphunzitsi aakulu kapena a ofesi ya mpingo, tengani ukonde wochapidwa bwino kapena mizere itatu ya twaini.

Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amene mumasamutsidwa kawirikawiri, katoni ya chitenje imakwera nanu galimoto limodzi ndi matiresi.

Ngati nyumba yanu ili pagombe penipeni, kumene mphepo siileka ndipo nkhungu zimatera, khadi limene simungalipezenso, monga la munthu amene anatisiya, liikeni m'kabati ya magalasi ndipo muzilitulutsa nokha pofuna kuliwerenga. Enawo apaneni ndi zopanira ziwiri khadi lililonse.

Abale athu achisilamu amene mumalandira makhadi a Idi, kumbukirani kuti tsikuli limabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Likagwa m'miyezi ya mvula, zonse za chinyezi zimene ndanenazi zikukhudzani. Likadzafika m'nyengo ya mwera, mdani adzakhala mphepo ndi fumbi, ndipo katoni ya chitenje kapena mkeka zidzagwira bwino kuposa chingwe.

Nyumba ya zidina yofolera udzu, ngati ya amayi anga ku Nkhotakota, mkeka pakhoma ayi chifukwa cha chiswe, katoni ayi chifukwa cha kudontha. Kumeneko ndinamanga twaini kuchokera pamtanda wa denga kufika pafelemu la chitseko, kutali ndi khoma ndiponso kutali ndi pamene amaika koloboyi. Ndinaitsitsa pang'ono kuposa ya kwathu, kufika pa phewa lawo, kuti khadi la achimwene azilichotsa okha mdzukulu aliyense akalowa.